Mafunso a Owerenga: Duwa Lovala Nsapato ndi Dzina Lake

Pachikuto cha magazini ya mwezi watha tinaikapo chithunzi cha duwa lachilendo, lobiriwira ndiponso lamizere yofiirira, limene m'munsi mwake muli kathumba kooneka ngati nsapato yoluka ya mwana wakhanda. Pansi pa chithunzicho tinangolembapo dzina lokha, Paphiopedilum, ndipo tikuvomera kuti tinalakwa posafotokozapo kanthu, pakuti makalata amene abwera chifukwa cha dzina limenelo ndi ambiri ndithu. Tasankhapo anayi, ndipo kalata yoyamba taipatsa malo aakulu chifukwa ndiyo yanyamula funso la anthu ambiri.

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi wa Bayoloji pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Katete. Ophunzira anga a Giredi 11 ataona chikuto chanu anandifunsa tanthauzo la dzina lija, ndipo ine ndinangowayankha kuti ndi Chilatini, monga timachitira tikasowa chonena. Mtsikana wina sanakhutire, anati ngakhale Chilatinicho chiyenera kukhala ndi tanthauzo. Kodi dzinali limatanthauza chiyani, analipereka ndani, ndipo n'chifukwa chiyani buku lina lakale la mulaibulale yathu linalemba kuti Cypripedium pa duwa looneka chimodzimodzi? Mphunzitsi, Katete.

Yankho: Aphunzitsi, mtsikana ameneyo mumuyamikire chifukwa wanena zoona, komabe inunso simunaphonye kwenikweni. Mayina a zomera amalembedwa motsata malamulo a Chilatini, koma mawu amene anaumbira dzina ili anatengedwa ku Chigiriki. Tisanafike kumeneko, ndi bwino ophunzira anu adziwe kuti dzina la sayansi la chomera chilichonse limakhala ndi mawu awiri, ndipo njira yapafupi yofotokozera zimenezi kwa mwana wa kuno kum'mawa ndiyo kumukumbutsa za chiwongo. Liwu loyamba lili ngati Phiri, Banda kapena Jere, dzina limene abale ambiri amagawana, pamene lachiwiri ndilo dzina la mwini wake. Paphiopedilum ndi Cypripedium ndi ziwongo ziwiri za m'banja limodzi lalikulu la maluwa otchedwa orchid, ndipo maluwa onse a ziwongo zimenezi ali ndi kathumba kaja, n'chifukwa chake mukuwaona ofanana.

Pa ziwiri zimenezi, chachikulu kubadwa ndi Cypripedium. Anachikhazikitsa ndi Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden amene anabadwa mu 1707 n'kumwalira mu 1778, ndipo buku lake la mu 1753, Species Plantarum, ndilo limene akatswiri anagwirizana kuti likhale poyambira powerenga mayina a zomera zamaluwa. Duwa limene Linnaeus ankalidziwa silinali la pachikuto chathu. Linali la kwawo ku Ulaya, lomera m'nkhalango zozizira, lofiirira m'mbali ndi lachikasu chowala pa kathumba, ndipo anthu anali atalipatsa kale dzina iye asanabadwe. Mabuku akale a zitsamba ankalitcha Calceolus Mariae, kutanthauza kansapato ka Mariya, amayi a Yesu. Dzina lake la Chingelezi, Lady's slipper, likuchokera pomwepo, pakuti mayi amene akulemekezedwa m'dzinamo ndi Mariya yemweyo.

Linnaeus anali mwana wa m'busa, koma pa malamulo amene anadziikira opangira mayina panali lakuti chiwongo cha chomera chikhale liwu limodzi, ndiponso lakuti chisagwiritsidwe ntchito pokumbukira oyera mtima. Motero anamuvula Mariya nsapato ija n'kuveka Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi ndi kukongola wa Agiriki akale, amene Aroma ankamutcha Venus. Nthano za Agiriki zinkati mulungu ameneyu anabadwa kuchokera m'thovu la m'nyanja n'kukwera kumtunda pa chilumba cha Cyprus, ndipo alakatuli awo ankamutcha Kypris, ndiko kuti mayi wa ku Cyprus, monga momwe ifenso timatchulira munthu ndi dzina la kwawo. Theka loyamba la dzina linachokera pamenepo, ndipo theka lachiwiri linayenera kutanthauza nsapato. Dzina lonse la duwa la ku Ulaya lija ndi Cypripedium calceolus. Mukuona kuti liwu lakale lija, calceolus, silinatayidwe, kotero duwa limodzi likutchula nsapato kawiri, koyamba m'Chigiriki, kachiwiri m'Chilatini.

Chilumba cha Cyprus si chachilendo kwa ophunzira anu monga momwe angaganizire. Amene amawerenga Baibulo anakumana nacho kale, chifukwa ndicho Kupro, kwawo kwa Barnaba, ndipo mutu 13 wa Machitidwe a Atumwi umafotokoza momwe Paulo ndi Barnaba anadutsira chilumba chonsecho mpaka kukafika ku Pafo, kumene anakumana ndi kazembe wachiroma ndi wamatsenga uja anachititsidwa khungu. Pafo ameneyo ndiye Paphos, ndipo m'dera lake ndimo munali kachisi wotchuka kwambiri wa Aphrodite. Amene amaphunzira Kemisitiri nawonso anakumana nacho chilumbachi, ngakhale mosadziwa. Kale chinali ndi migodi yotchuka ya mkuwa, ndipo Aroma ankatcha mkuwa kuti aes Cyprium, chitsulo cha ku Cyprus, mawu amene pambuyo pake anafupika kukhala cuprum. Chizindikiro cha Cu chinachokera pamenepo, liwu lakuti kopa linachokera pamenepo, ndipo munthu wa ku Katete akamatsanzika kuti akupita ku Kopala kukafuna ntchito, pakamwa pake pamatuluka chilumba chomwecho chimene chili m'dzina la duwa ili. Ine ndikanakhala m'kalasi mwanu, phunziro ndikanaliyambira pamenepa.

Tsopano dzina la Cypripedium lili ndi chilema chimene odziwa zinenero akhala akuchiloza kuyambira kale. Liwu la Chigiriki lotanthauza nsapato yazingwe, yonga nkhwaila, ndi pedilon, ndipo Linnaeus akanalitsata bwino akanalemba kuti Cypripedilum. Iye analemba Cypripedium, popanda chilembo cha l, ndipo chimene chinatsalacho chikufanana kwambiri ndi liwu lina, pedion, lotanthauza chidikha. Munthu wodziwa Chigiriki koma wosadziwa mbiri ya duwali angawerenge dzinalo n'kumva kuti likunena za chidikha cha Aphrodite. M'zaka za m'ma 1800 akatswiri ena a ku Germany anayesa kukonza polemba Cypripedilum m'mabuku mwawo, koma kukonzako sikunakhazikike, chifukwa malamulo a mayina a zomera amati kalembedwe ka munthu amene anayamba kufalitsa dzina ndiko kasungidwe.

Ena amaona ngati kumeneku n'kuuma mutu chabe. Ine ndimakuona kukhala kwanzeru, ndipo aliyense amene dzina lake linalembedwa molakwika pa chitupa angandimvetse. Kalaliki akaphonya chilembo chimodzi tsiku lolembetsa, satifiketi ya sukulu, buku la kubanki ndi pepala la munda zonse zimatsata chilembo chophonyekacho, ndipo tsiku limene mwini dzina afuna kukonza pepala limodzi, amapeza kuti mapepala otsalawo ayamba kunena za munthu wina. Dzina la Cypripedium lakhala m'mabuku kwa zaka zoposa 250, lili pa zomera zouma zosungidwa m'mayunivesite, lilinso m'malamulo a mayiko oteteza zachilengedwe. Ntchito yake ndi yoti munthu wa ku Chipata, wa ku Tokyo ndi wa ku Lima akalitchula adziwe kuti akunena za chomera chimodzi, ndipo ntchito imeneyo likuigwira bwinobwino ndi chilema chake chomwecho.

Duwa la pachikuto chathu linapeza chiwongo chakechake mochedwa. Pamene amalonda ndi ofufuza anayamba kutumiza ku Ulaya maluwa a kathumba ochokera ku India ndi kumayiko otentha a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, onse ankangolowetsedwa mu Cypripedium. Mu 1886 Ernst Pfitzer, pulofesa wa ku Heidelberg m'dziko la Germany, anawapatula, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: a kumayiko ozizira masamba awo ndi opyapyala, amakwinya, ndipo amauma nyengo yachisanu ikafika, pamene a ku Asia kotentha masamba awo ndi okhuthala, opindika pakati ndi obiriwira chaka chonse. Pofuna dzina latsopano, Pfitzer sanachoke pa mulungu wamkazi yemwe uja. Anangosiya kumutchula ndi chilumba n'kuyamba kumutchula ndi mzinda, Paphia, mayi wa ku Paphos, ndipo nsapato anailemba molondola. Choncho Paphiopedilum ndi nsapato ya mayi wa ku Paphos, tanthauzo lomwe lija limene Linnaeus ankafuna. Alimi a maluwa anapitiriza kunena kuti Cypripedium kwa zaka makumi angapo pambuyo pake, chifukwa chizolowezi cha pakamwa sichimva lamulo msanga, ndipo buku la mulaibulale yanu liyenera kuti linalembedwa ndi munthu wa chizolowezi chimenecho. Mtundu wina wa kumpoto chakum'mawa kwa India umatchedwa Paphiopedilum venustum, ndipo popeza venustum, kutanthauza chokongola, ndi liwu lobadwa ku dzina la Venus, mulungu mmodziyo akutchulidwamo kawiri.

Pali ziwongo zina zitatu za maluwa a kathumba, zonse za ku America, ndipo zonse zinatengera chilema cha Linnaeus potha ndi pedium. Selenipedium ya mu 1854 inachokera ku selene, mwezi wa kumwamba. Phragmipedium, imene Robert Allen Rolfe wa ku Kew, munda wofufuzirako za zomera wa ku London, anaikhazikitsa mu 1896, inachokera ku phragma, chipupa chogawa nyumba, chifukwa thumba la mbewu zake lili ndi zipinda zitatu. Mexipedium ya mu 1992 ili ndi mtundu umodzi wokha, wopezeka m'chigawo cha Oaxaca ku Mexico, ndipo tanthauzo lake mtsikana wanu uja angalipeze yekha.

Funso: Akonzi, ndine mnyamata wa Giredi 9 ku Lundazi. Ine ndi mnzanga tatsutsana kwambiri za kathumba ka duwa lija. Iye akuti n'kodyera tizilombo, ine ndikuti n'kosungira madzi a mvula. Tiuzeni amene akunena zoona. Wophunzira, Lundazi.

Yankho: Mphwanga, nonse awiri mwaphonya, ngakhale mnzakoyo wayandikira pang'ono. Iye ayenera kuti anamvapo za zomera zotchedwa Nepenthes, zimene masamba awo amapanga mitsuko yokhala ndi madzi osungunula tizilombo. Zimenezo zimadyadi tizilombo, koma si abale a duwa lathu. Kathumba ka Paphiopedilum ndi mbali ya duwa lenilenilo, osati tsamba la chomera. Duwa la orchid aliyense lili ndi timasamba tisanu ndi kamodzi, titatu kunja ndi titatu mkati, ndipo kamodzi mwa tamkatito kamaumbika mosiyana ndi tinzake. Akatswiri amakatcha labellum, kutanthauza kamlomo. Pa maluwa amene tikukamba pano kamlomoko kanafufuma n'kukhala thumba. Za madzi a mvula, duwa silimawafuna m'menemo, ndipo pa mitundu yambiri kasamba kapamwamba kamaweramira pakamwa pa thumbalo ngati denga.

Amene anaona nsapato anali anthu. Kwa njuchi kapena ntchentche, kathumba kameneka ndi mbuna. Kachilombo kamabwera katakopeka ndi fungo kapena mtundu wa duwa, kamatera m'mphepete, n'kugwera mkati. Kubwerera kumene kanalowera n'kovuta, chifukwa m'mphepetemo ndi moterera ndiponso mopindikira mkati, monga pakamwa pa mono mmene nsomba imalowa mosavuta koma n'kulephera kutuluka. Mbuna imeneyi imasiyana ndi ya alenje pa chinthu chimodzi: ili ndi khomo lakumbuyo. Kukhoma lakumbuyo kwa thumbalo kuli tsitsi losanjika ngati makwerero, ndipo kachilombo kakakwera pamenepo kamalowa m'kanjira kopanikiza. M'kanjiramo kamayamba kukhuza msana wake pa mbali yachikazi ya duwa, pomwe kamasiya mungu umene kanabwera nawo kuchokera ku duwa lina, ndipo pambuyo pake kamafinyika pansi pa kathumba ka mungu, n'kupakidwa mungu watsopano womata, kenaka n'kutulukira pa kabowo ka kumanja kapena ka kumanzere. Uonetsetse dongosolo limeneli, mbali yachikazi poyamba, mungu pambuyo, chifukwa ndilo limaletsa duwa kudzibereketsa lokha. Timabowo n'tiwiri chifukwa maluwa amenewa ali ndi timatumba ta mungu tiwiri, pamene orchid ambiri ali ndi kamodzi kokha.

Pa ntchito yonseyi kachilombo sikalandira malipiro, pakuti m'thumbamo mulibe timadzi totsekemera. Cypripedium calceolus imanyenga tinjuchi ting'onoting'ono tokumba zisa pansi. Paphiopedilum rothschildianum, imene imamera pa phiri la Kinabalu ku Borneo, chinyengo chake n'chakuya kuposa pamenepo: pakati pa duwa pali kachiwalo kaubweya kooneka ngati gulu la nsabwe za m'masamba, ndipo ntchentche zina zimene mphutsi zake zimadya nsabwe zoterozo zimabwera kudzaikirapo mazira, n'kugwera m'thumba. Popeza kachilombo konyengedwa kawirikawiri kamachenjera, maluwa ambiri a kuthengo amafota osabereka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zomera zimenezi zimachulukira pang'onopang'ono.

Funso: Akonzi, ine ndimaphika chikanda n'kumagulitsa pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Mwana wanga ataona chithunzi chanu anandiuza kuti duwa limenelo ndi m'bale wake wa chikanda. Ine ndinaseka, chifukwa chikanda ndachigwira zaka zambiri ndipo nsapato sindinaionepo. Kodi mwanayu akunena zoona? Ngati ndi choncho, kodi duwalo limamera m'madambo athu, ndipo lingaphikidwe? Mayi wamalonda, Chipata.

Yankho: Amayi, mwana wanu sanakunamizeni. Banja la orchid ndi limodzi mwa mabanja aakulu kwambiri a zomera zamaluwa, lili ndi mitundu yoposa 25,000, ndipo chikanda chimene mumasinja, n'kusakaniza ndi nsinjiro, soda kapena chidulo ndi tsabola, chimachokera ku mizu ya orchid omera pansi a ziwongo za Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Ubale wake ndi wonga wa anthu a mtundu umodzi amene makolo awo anasiyana kalekale. Pa ziwongo zisanu za maluwa a kathumba zimene tatchula pamwambapa, palibe ngakhale chimodzi chimene chimamera chokha mu Africa, kotero kusaiona kwanu nsapato m'dambo n'koyenera. Kuphika ayi, musayese. Maluwa amenewa alibe timbatata tapansi tonga ta chikanda, ali ndi mizu yoyanza chabe, ndipo mitundu ina ya ku North America ili ndi ubweya woyabwa umene umatupitsa khungu.

Chodabwitsa n'chakuti dzina la banja lonse likuyenera chikanda chanu kuposa duwa la pachikuto, ndipo pano mundikhululukire, chifukwa tanthauzo lake si lonena pamaso pa apongozi. Liwu la Chigiriki lakuti orchis ndi dzina la ziwalo ziwiri zobisika za mwamuna. Theophrastus, amene analemba za zomera zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, analigwiritsa kale ntchito pa zomera zimenezi, chifukwa Agiriki akazikumba ankapeza pansi timbatata tiwiri togundana. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti tiwirito sitifanana: kena kamakhala kofota, kena kolimba ndi kodzaza. Kofotako ndiko kadyetsa chomera chaka chino, pamene kolimbako ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Wokumba amafuna kolimbako, ndipo akakachotsa, chomera chimenecho sichidzaphukanso.

Apa ndi pamene nkhani ya nsapato ndi ya chikanda zikukumana. Mbewu za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe chakudya mkati, kotero kuti zimere zimafunika kukumana ndi mtundu wina wa bowa wam'nthaka umene umazidyetsa, ndipo pamapita zaka chomera chisanachite maluwa. N'chifukwa chake chikanda sichifesedwa m'munda monga mtedza. Ku Britain anthu okonda maluwa anazula Cypripedium calceolus mpaka mu 1917 analengeza kuti yatha m'dzikomo. Mu 1930 kunapezeka chomera chimodzi chokha ku Yorkshire, ndipo kwa zaka zambiri chinkalonderedwa ngati mwana wa mfumu, mpaka akatswiri a ku Kew anapeza njira yomeretsa mbewu zake m'mabotolo n'kuyamba kubzalanso kuthengo. Chikanda kale chinali chakudya cha kumpoto kwa dziko lino la Zambia, cha m'midzi, koma lero chikugulitsidwa m'misika ya m'matauni onse, ndipo chochuluka chimalowa kuchokera kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania kudzera pa Tunduma ndi Nakonde. Boma la Tanzania linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa a kumeneko. Phiri la Nyika, la m'malire a Zambia ndi Malawi, lili ndi mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo okumba amafikanso kumeneko. Sindikunena izi pofuna kukuimbani mlandu, pakuti chikanda chaphunzitsa ana ambiri sukulu. Koma inu amene mumagula kwa okumba muli ndi mawu kwa iwo, ndipo mungawauze kuti asakumbe chomera chisanamwaze mbewu, ndiponso kuti dambo lililonse azilisiyira mbali yosakumbidwa.

Funso: Akonzi, mlamu wanga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo akuti maluwa amenewa amagulitsidwa kumeneko m'miphika. Wandilonjeza kuti adzandibweretsera limodzi pa basi pa Khirisimasi. Kodi lingakhale ndi moyo pakhonde panga kuno ku Chipata? Bambo wopuma pantchito, Chipata.

Yankho: Abambo, tiyambe ndi za pamalire, chifukwa ndi pamene mlamu wanu angakumane ndi vuto duwa lisanaone khonde lanu. Mitundu yonse ya Paphiopedilum ndi ya Phragmipedium ili pa ndandanda yoyamba ya pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 pofuna kuletsa malonda owononga nyama ndi zomera zakuthengo, ndipo Zambia ndi South Africa onse ali m'pangano limenelo. Ndandanda yoyamba ndi ya zamoyo zimene zili pangozi yaikulu. Chomera chozulidwa kuthengo sichiloledwa kugulitsidwa kunja kwa dziko lake, ndipo ngakhale chomeretsedwa ku nazale chimafuna mapepala osonyeza zimenezo podutsa malire. Kuwonjezera apo, chomera chamoyo chilichonse cholowa m'dziko lino chimafuna chilolezo cha a zaulimi ndi satifiketi yoti chilibe matenda. Mlamu wanu afunse wogulitsayo za mapepala asanalipire, ndipo inu mufunse ku ofesi ya zaulimi nthawi ikadalipo.

Likafika mwalamulo, Paphiopedilum lingakhale bwino ku Chipata, pamene Cypripedium singatheke, chifukwa imafuna miyezi ya chisanu choundana kuti igone ndi kudzukanso. Kwawo maluwa a Paphiopedilum ambiri amamera pansi pa mitengo, m'zinyalala za masamba kapena m'ming'alu ya miyala, choncho amafuna kuwala kopanda dzuwa lowomba. Khonde loyang'ana kum'mawa ndi labwino, koma dzuwa la masana la mu Okutobala lingawauze masamba tsiku limodzi. Musalibzale m'dothi la pachulu kapena la kudimba, chifukwa mizu yake imafuna mpweya ndipo m'dothi lomata imaola. Mumphika muike tizidutswa ta makungwa a paini, makala ndi timiyala, ndipo mphikawo ukhale wobooka pansi. Popeza chomerachi chilibe chosungira madzi monga orchid ena, zam'mphikazo zisaume gwa, komanso zisakhale m'madzi. Madzi a mvula ndi abwino kuposa a pamjigo ngati a kwanu ali amchere, ndipo pothirira musalole madzi kugona pakati pa masamba. Mitundu ya masamba amawangamawanga imakonda kufunda, kotero usiku wa mu Juni ndi Julayi muzilowetsa mphika m'nyumba. Phata lililonse limachita maluwa kamodzi kokha, kenaka limaphukira ana m'mbali amene adzachite maluwa nyengo yotsatira, ndipo duwa limodzi limatha kukhala losafota kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira.

Mumphikamo mudzapezamo kachikwangwani ka pulasitiki kolembedwa dzina, ndipo musakataye. Ngati liwu lachiwiri layamba ndi chilembo chaching'ono, monga Paphiopedilum insigne, ndiye kuti ndi mtundu umene umapezeka kuthengo. Ngati layamba ndi chilembo chachikulu, monga Paphiopedilum Maudiae, ndiye kuti ndi wosakaniza, wopangidwa ndi alimi potenga mungu wa mtundu wina n'kuika pa unzake. Woyamba mwa osakaniza oterewa anachita maluwa mu 1869 m'manja mwa John Dominy, mlimi wa pa nazale ya Veitch ku England, ndipo anapatsidwa dzina lakuti Harrisianum polemekeza dokotala John Harris yemwe anaphunzitsa Dominy kusamutsa mungu wa orchid. Kwa munthu woyamba kumene, wosakaniza ndiye woyenera: amapirira zolakwitsa za mwini wake, mtengo wake ndi wotsikirapo, ndipo sanazulidwe m'nkhalango ya munthu aliyense. Muuze mlamu wanu ajambule kachikwangwaniko pa foni n'kukutumizirani asanagule.